Mtengo Wopanda Pasipoti

Mukafika ku Lucan, kufupi ndi mzinda wa Dublin kuno ku Ireland, n'kufunsa Amalawi a kumeneko kuti a Cornelio Kachingwe amakhala pati, palibe amene angakupatseni nambala ya nyumba. Amangoti, "A mitengo aja? Yendani mpaka muone khomo limene panja pake pali majombo amatope." Ndipo simungasochere, chifukwa mumsewu wonsewo anthu amapita ku ntchito atavala nsapato zopolisha, kupatula iwo.

Ndi bambo wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo, woyankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba muli wodwala. Anabadwira ku Tsangano, m'mapiri a ku Ntcheu, kumene mwezi wa Juni madzi amaluma zala, choncho chisanu cha kuno sichinawaopseze ngati mmene chimachitira ndi anzathu a ku Nsanje. Kumudzi anali mlangizi wa zaulimi, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akupalasa njinga ya boma m'zitunda za ku Thyolo. Kuno anabwera potsatira akazi awo, mayi Ellen, amene anapeza ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu cha ku St James's. Anzawo akamawaseka kuti mwamuna wanji wotsatira mkazi, iwo amangoti kwawo chikamwini si chachilendo, chawochi changotalika mtunda.

Zaka ziwiri zoyamba anatsuka mapoto mu hotela, n'kuonda ngati akudwala. Sikuti ntchitoyo inali yolemetsa ayi, koma munthu amene anakulira m'dothi mukamutsekera m'chipinda chopanda zenera, amafota. Anatsitsimuka atapeza ntchito kumunda wa maapozi wa mayi Evelyn, kumpoto kwa mzinda. Mayi Evelyn ndi mzungu wosowa mawu oyamikira munthu. Tsiku loyamba anangoyang'ana mmene a Cornelio ankagwirira mpeni, n'kunena kuti abwerenso mawa. Mpaka lero akubwerabe.

Kumunda kumeneko anapezako malamulo amene mlangizi aliyense wa kwathu amangowalota kutulo. Kamtengo kalikonse kobwera kudzabzalidwa kamabwera ndi kachikalata kake, kamene eni ake amati pasipoti, kosonyeza kumene kachokera. Inde, kuno ngakhale mtengo suyenda wopanda pasipoti. Nthambi kapena mbande zochokera kumaiko akutali siziloledwa kulowa popanda kalata ya boma. Sizasi yodulira imaviikidwa m'mankhwala munthu asanachoke pamtengo wina kupita pa unzake. Ndiye pali matenda amodzi amene alimi a maapozi amawaopa kuposa onse, chiwawu chimene chimadetsa nthambi ngati yawaulidwa ndi moto, nsonga yake n'kupindika ngati ndodo ya nkhalamba. Ukangochiona, lamulo limati ukanene ku boma, kaya mtengowo uli m'munda waukulu, kaya uli kuseri kwa nyumba yako. Oyendera amabwera kudzapima, ndipo akapeza kuti n'chomwecho, mtengowo umazulidwa n'kuwonongedwa.

A Cornelio malamulo amenewa ankawakonda, ndipo ankawalalikira kuposa mwini munda. Wantchito watsopano akaiwala kuviika sizasi ankamva ulaliki wonse, kuyambira pa njuchi mpaka pa mvula, zonse zimene zimanyamula matenda. Nanga mumva bwanji ndikakuuzani kuti munthu yemweyu anali ndi mtengo wopanda pasipoti kuseri kwa nyumba yake? Musathamangire kuwaweruza. Imvani kaye mmene unafikira pamenepo.

Bambo awo, malemu a Ambrosio, anali wosamalira dimba la pa mishoni. Adakali mnyamata wosakwatira, pa mishonipo panabwera wansembe wachinyamata wochokera kuno ku Ireland, dzina lake Bambo Harry. Wansembeyu anatsika ali ndi mbatata ya kachewere m'thumba la jekete, ndipo m'mbatatamo anali atazikamo tinthambi tisanu ta mtengo wa maapozi wa pakhomo pa amayi ake, kuti tisaume m'njira. Kalelo zoterezi zinkangodutsa. Anaphunzitsa a Ambrosio kumezanitsa, ndiko kutenga diso la nthambi n'kulilowetsa m'khungwa la kamtengo kena kuti zimere pamodzi. Mwa tinthambi tisanu tija kanagwira kamodzi kokha, ndipo Bambo Harry anakapereka kwa a Ambrosio kuti akabzale pakhomo pawo.

Mtengowo usanabale, Bambo Harry anasamutsidwa kupita ku Chipata, ndipo atakalamba anabwerera kwawo. Mtengo unabala iwo kulibe. Unabala zaka makumi asanu, maapozi ang'onoang'ono ofiira mbali imodzi, owawasa ukangoluma koma otsekemera pomeza. Mudzi wonse unatengako maso.

Tsono kwathu pali khalidwe limene mzungu sangalimvetse msanga. Mnzako akakupatsa mbewu, sulipira. Koma ikabala, umatapako n'kukatula kwa mwini wake, kuti aone ndi maso kuti mbewu yake sinafere m'manja mwako. Ukapanda kutero palibe amakuimba mlandu, koma mumtima umadziwa kuti wadya mobisa. A Ambrosio nkhani imeneyi inawadya moyo wawo wonse. Chaka chilichonse pothyola maapozi ankausa moyo n'kunena kuti mwini wake sanalawe.

Mu Julaye wa 2019 a Cornelio anaitanidwa kumudzi kuti akulu atha mphamvu. Anawapeza akadali ndi mawu. Nkhalambayo sinafunse za ndege kapena za zidzukulu. Inawagwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe Cornelio, Mulungu anakutumiza kwawo kwa munthu uja, ndipo ndamva kuti adakali moyo. Mbewu ija ukaibweze. Ikamere pa dothi lakwawo, akalawe chipatso chake, adziwe kuti Ambrosio sanaiphe." A Cornelio anavomera. Ndani angakane mawu otero, munthu akupuma mobanika pamphasa? Patatha masiku atatu anawaika m'manda.

Lamulo ankalidziwa bwino lomwe, mutu ndi mchira womwe. Ankadziwanso kuti njira ya makalata ndi yaitali, ndipo mwina yosatheka kwa munthu wamba wonyamula tinthambi ta pakhomo pa bambo ake. M'mawa wa tsiku lonyamuka anadula tinthambi titatu ndi mpeni wa malemuwo, n'kutizika m'mbatata ya kachewere monga anachitira mwini wake kalelo, n'kuilowetsa m'sokosi. Mbatata nayonso ndi yoletsedwa, choncho inali milandu iwiri m'sokosi imodzi. Pa bwalo la ndege ku Dublin anadutsa khomo la anthu opanda katundu woti aonetse kwa ofufuza, thukuta likutsika mumsana, akudziuza mumtima kuti mtengowu kwawo ndi konkuno, ndipo munthu wobwerera kwawo safunsidwa chitupa. Mfundo yake inali yokoma kuimva, koma ngakhale iwo eni sanaikhulupirire kwenikweni. Mbatata ija anaiphika tsiku lomwelo n'kuidya, kuti umboni uchepe.

Anagula kamtengo ka tsinde labwino, kokhala ndi pasipoti yake yeniyeni, n'kulowetsamo maso a ku Tsangano. Limodzi linagwira. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kamalo kakang'ono, koti mutayalapo mphasa zitatu kadzaza, ndipo pakati pake ndi pamene mtengowo unakulira. M'mawa uliwonse asanapite ku ntchito ankaima pamenepo ndi kapu ya tiyi, kuuyang'ana tsamba ndi tsamba. Mwana wawo wamkazi, Sandra, amene anali ku koleji, ankawaseka m'Chingerezi kuti m'nyumbamo muli ana awiri, ndipo wokondedwa ndi wapanjayo.

A Cornelio anawapeza Bambo Harry kudzera kwa wansembe wa ku parishi. Ankakhala m'nyumba yosungira ansembe opuma, kum'mwera kwa mzinda, ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Miyendo inali itakana, koma mutu unali wabwino, ndipo Chichewa chawo chinali chija chakale, cha m'mabuku a mapemphero, chosasakaniza. A Cornelio ankapita kukawaona Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse. Za imfa ya a Ambrosio anawauza, koma za mtengo sanatchule ngakhale kamodzi. Ankafuna kuti nkhaniyo adzaiyambe chipatso chili patebulo.

Chaka chachitatu mtengo unachita maluwa ochepa, onse n'kuyoyoka. Chaka chachinayi unachita maluwa ambiri, njuchi n'kumachita kulimbirana, ndipo pofika mwezi wa Juni panali timaapozi tisanu ndi tiwiri, tobiriwira, taukulu ngati mazira a nkhunda. A Cornelio ankayenda ngati munthu amene wauzidwa kuti akazi ake ali ndi pakati. Anawerengetsa kuti pofika Seputembala tikhala titapsa.

Linali Lachiwiri m'mawa, kumayambiriro kwa Julaye, pamene anaona nthambi imodzi ya m'mwamba itagwetsa mutu. Anayandikira. Masamba ake anali atada ngati wina wawadutsitsa pa moto, koma osagwa, ndipo nsonga inali itapindika. Anaika kapu pansi. Munthu wina akanati mwina ndi mphepo, mwina ndi dzuwa. Iwo analibe mwayi wodzinamiza chotero, pakuti ndi iwo amene ankaonetsa anzawo zithunzi za chiwawu chimenechi chaka ndi chaka.

Mayi Ellen anali atangofika kumene kuchokera ku ntchito, yunifomu idakali m'thupi. Anawapeza amuna awo atangoti kakasi.

"Abambo a Sandra, kwagwanji?"

"Bwerani muone."

Anayang'ana nthambiyo, kenako nkhope ya amuna awo. "Ndi matenda aja mumanena aja?"

"Ndi omwewo. Ndikaimba foni, mtengowu wapita."

Mayi Ellen ndi namwino, munthu amene amadzudzula ngakhale dokotala akaiwala kusamba m'manja. Koma analinso mkamwana amene anasambitsa a Ambrosio pa matenda awo oyamba, ndipo Lamlungu lapitalo, ataperekeza amuna awo, anali ataona ndi diso la ntchito yawo mmene Bambo Harry ankapumira.

"Ine ndikuuzeni zoona," anatero motsitsa. "Abambo aja sindikuona ngati afika Khirisimasi. Apa kwatsala two months basi. Dulani nthambiyo, muiike mu bin, tidikire September. Mukathyola, imbani foni yanuyo."

Apa ndi paja akulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kupha matenda kunali kuphwanya mawu a bambo awo. A Cornelio anatenga mpeni uja wa malemu, umene sunkachoka m'thumba lawo, n'kudula nthambiyo m'munsi ndithu mwa pamene panada. Anaikulunga m'mapepala apulasitiki awiri n'kuibisa m'kanyumba kosungira zipangizo. Anapinda mpeni, kuubwezera m'thumba, n'kuthamangira ku ntchito atachedwa.

Sabata imeneyo inali yowawa. Chakudya sichinkatsika. Akamva galimoto ikuima panja, mtima unkagunda ngati abwera kudzawagwira. Ndipo kunabwera nkhope imene anali ataiiwala, ya mlimi wina wachikulire wa ku Thyolo, m'zaka zimene nthochi zinagwidwa ndi chisaka ndipo alangizi ankayenda mudzi ndi mudzi kuuza anthu kuti azule. Mlimiyo anaima kutsogolo kwa nthochi zake n'kuwauza kuti, "Inu achimwene, mukuti tizule chifukwa si zanu." Tsiku limenelo a Cornelio anamuyankha ndi ulaliki wautali wa zoteteza minda ya anzake. Tsopano ankachita manyazi akakumbukira kupepuka kwa mawu awo aja.

Lachisanu m'mawa anapeza nthambi yachiwiri itagwetsa mutu, ndipo pakhungwa pake panali timadontho tonanda ngati uchi. Sanauze akazi awo. Anaidulanso ndi mpeni womwewo n'kupita ku ntchito.

Tsiku limenelo mayi Evelyn anawatuma ku mzere wa timitengo tatsopano, mazana awiri, timene anabzala chaka chatha m'malo mwa mitengo yakale ya bambo a mayiwo. Anati ntchito yochotsa mphukira zosafunika sangaipatse wina, chifukwa diso la a Cornelio ndi limene amalikhulupirira. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, monga amachitira anthu osazolowera kuyamikira, n'kumapita.

A Cornelio anagwada pa kamtengo koyamba. Sizasi anali ataisiya m'galimoto pamodzi ndi botolo la mankhwala, chinthu chimene sichinachitikepo. Dzanja linangolowa lokha m'thumba, monga limachitira akakhala kunyumba, n'kutulutsa mpeni. Anautsegula, anagwira mphukira ndi dzanja lamanzere, ndipo mpeni utatsala pang'ono kukhudza khungwa, anaona pa chitsulo chake kanthu konanda, kouma pang'ono, ka m'mawa uja.

Anayang'ana mzere wonsewo mpaka kumene unathera, timitengo ta mayi amene anawalandira osawafunsa zambiri. Anazindikira kuti miyezi iwiri imene ankafuna kuba sinali yawo yokha. Tsiku lililonse akanakhala akunyamula matendawo pa zala, pa malaya, pa majombo, kuwabweretsa kuno. Ndipo njuchi ndi mbalame za ku Lucan sizikanadikira Seputembala. Anapinda mpeni, anaimirira, n'kupita ku shedi kumene kunali mayi Evelyn.

Anawauza zonse ataima pakhomo, osalowa, chipewa chili m'manja. Anayambira pa nthambi, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pa sokosi. Mayi Evelyn nkhope inafiira. Anafunsa funso limodzi lokha: ngati mpeniwo wakhudza mtengo wawo uliwonse sabata imeneyo. A Cornelio anati ayi, masiku enawo anagwiritsa ntchito sizasi yoviika.

"Iwe, mwa anthu onse," anatero mayiyo. Mawu amenewo anapweteka kuposa kutukwanidwa. Kenako analemba nambala ya foni ya oyendera a boma pa kapepala n'kukaika pa benchi. "Imba wekha. Upite kunyumba, ukachape zonse wavalazi. Usabwere mpaka atakuuza kuti ubwere."

Anaimba ali m'galimoto, asanalize injini, poopa kuti akafika kunyumba n'kuona timaapozi tija mtima ubwerera m'mbuyo.

Woyendera wa boma anabwera Lolemba. Anali mayi wachitsikana, wovala magolovesi ndi tinsapato tapulasitiki pamwamba pa nsapato zake. Anadula zidutswa za nthambi n'kuziika m'timatumba, natenganso zija zobisa m'kanyumba. Atafunsa za pasipoti ya mtengo, a Cornelio anamupatsa ya tsinde, n'kumuuza kuti kumtundaku n'kwa ku Tsangano, ndipo kunabwera m'sokosi. Mayiyo anasiya kulemba n'kuwayang'ana. Anawafunsa chifukwa chake, ndipo iwo anayesa kufotokoza m'Chingerezi za mbewu imene imayenera kubwerera kwa mwini wake. M'Chingerezi nkhaniyo inkamveka yaing'ono, ngati ya munthu wosaganiza bwino. Komabe mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

Patatha masiku angapo anabweranso ndi kalata. Chinali chiwawu chomwecho. Anawauza kuti n'kutheka kuti sichinachokere kwawo, chifukwa anachipezanso pa mpanda wa minga kumapeto kwa msewu wawo, ndipo mwina njuchi ndi zimene zinachibweretsa nthawi ya maluwa. Ananena zimenezi pofuna kuwapepuza mtima, koma sizinasinthe kanthu. Mtengo wodwala unayenera kuchoka, wonse ndi mizu yomwe. Pa nkhani ya sokosi anawapatsa chenjezo lolembedwa, n'kuwauza mosapita m'mbali kuti m'tinthambi totero mumatha kubisala tizilombo timene dziko lino silinationepo, ndipo kuti munthu wa ntchito yawo anayenera kudziwa bwino. A Cornelio anangovomera. Zinali zoona.

Kenako anapempha chinthu chimodzi. Anapempha kuti athyoleko kapozi kamodzi kokha, ngakhale kosapsa, kuti akaonetse nkhalamba ina imene ili pafupi kufa. Analonjeza kuti akakatsekera m'botolo. Mayiyo anayang'ana timaapozi tija, anayang'ana mayi Ellen amene anaima pakhomo la khitchini atagwira pakamwa, ndipo anapukusa mutu. Anati chipatso chosakhwima cha pamtengo wodwala sichingatuluke pamalopo, ndipo anapepesa kawiri. Ine sindimuda mayi ameneyo. Anali pa ntchito imene a Cornelio anaigwirapo ku Thyolo, ndipo iye anaigwira mwaulemu kuwaposa.

A Cornelio anakana kuti munthu wina azule. Anatenga fosholo okha, woyenderayo akuyang'anira, n'kuyamba kukumba mozungulira. Mizu inali itagwira dothi la kuno mwamphamvu, moti zinawatengera ola lathunthu. Anaduladula thunthu ndi nthambi, n'kuika zonse m'matumba akuda, timaapozi tisanu ndi tiwiri tija pamodzi ndi masamba. Sanalire. Matumba atakwezedwa m'galimoto, anakwirira dzenjelo, kulisalaza ndi phazi, n'kukatsuka fosholo ndi mpeni m'mankhwala monga lamulo likunenera.

Timitengo ta mayi Evelyn tinapimidwa n'kupezeka tabwinobwino. Patatha milungu iwiri mayiyo anatumiza uthenga wa mawu ochepa, wakuti abwere Lolemba. Koma a Cornelio mtima sunali pa ntchito. Lamlungu loyamba la Ogasiti linali kuyandikira, ndipo sankadziwa kuti akalowa bwanji m'chipinda chija. Mayi Ellen anati mwina ndi bwino kungokhala chete, popeza nkhalambayo sinkadziwa kanthu ndipo sinkayembekezera kanthu. A Cornelio anati ayi. Uthenga wa munthu wakufa subwerera panjira, ngakhale wotumidwayo atataya katundu.

Anapita okha, itangotha Misa. Anawapeza Bambo Harry atakhala pampando pafupi ndi zenera, bulangete pamaondo, atachepa thupi kuposa mwezi wathawo.

"Mwana wa Ambrosio, wabwera," anatero ndi mawu onjenjemera. "Kunyumba mwawasiya bwanji?"

"Ali bwino, Abambo, kaya inu mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Pa msinkhu uno kudzuka ndi nkhani."

A Cornelio sanakhale pampando wa alendo monga ankachitira masiku onse. Anagwada pansi pafupi ndi mapazi a wansembeyo, monga amachitira munthu wobwera ndi mawu a akulu. Bambo Harry anaona zimenezo n'kuwongola msana, pakuti zaka makumi anayi pakati pa anthu athu zinawaphunzitsa kuti munthu akagwada chotero sanabwere kudzacheza.

"Abambo, ndatumidwa. Anandituma ndi bambo anga asanamwalire, ndipo ndachedwa nawo uthengawu zaka zinayi."

Anafotokoza zonse mwadongosolo, m'Chichewa, mmene nkhaniyo inali ndi kulemera kwake konse. Ananena za mtengo wa ku Tsangano ndi zaka zimene unabala, za kuusa moyo kwa a Ambrosio chaka ndi chaka, za mawu a pamphasa. Atafika pa mbatata, nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Atafika pa chiwawu ndi matumba akuda, inasiya kuseka.

"Choncho ndabwera chimanjamanja, Abambo. Anandituma kuti mulawe, ndipo ndalephera."

Bambo Harry anayang'ana panja. A Cornelio anaganiza kuti mwina atopa, kapena sanamve bwino.

"Kanthambi kaja kanakuladi?" anafunsa potsiriza. "Ka m'mbatata yanga kaja?"

"Kanakula, Abambo. Mtengo wake ulipo mpaka lero, ndipo m'mudzi monse muli ana ake."

"Ine ndinkayesa kuti kanauma nditangochoka. Zaka zonsezi. Mtengo wa amayi anga anaudula kalekale, pamene pamalo paja anamangapo nyumba. Ndinkati mbewu imeneyo inatha padziko. Ndiye kunonso inamera?"

"Inamera."

"Inabala?"

"Seven, Abambo. Tating'ono, tosapsa."

"Pa dothi la kuno?"

"Pa dothi la kuno, ku Lucan."

Nkhalambayo inatulutsa manja ake pansi pa bulangete, pang'onopang'ono, onse awiri, n'kuwatambasula pamodzi monga amachitira munthu wolandira mphatso kwa mnzake amene amamulemekeza.

"Bweretsa," inatero.

A Cornelio anayang'ana manjawo, n'kuyang'ana awo. Munalibe kanthu, koma zikang'a za fosholo ndi dothi m'zikhadabo. Anazengereza, koma manja a wansembeyo sanabwerere. Pamapeto pake anaika manja awo opanda kanthuwo m'manja mwa nkhalambayo, ndipo iyo inawafumbata.

"Ndalandira," anatero Bambo Harry. "Ukadzapita kumudzi, ukaime pa manda a Ambrosio, ukamuuze kuti mbewu inafika, ndipo mwini wake wathokoza."

A Cornelio, bambo amene anazula mtengo wake maso ali gwa, analira pamenepo ngati mwana, atagwada, ndipo nkhalambayo sinawasiye manja mpaka atamaliza.